Mafuta amene sawaona oonerera

Loweruka madzulo ku GrandWest, ku Goodwood mumzinda wa Cape Town, ambiri oponya bowling amakhulupirira mphamvu. Mnyamata amatola mpira wolemera kuposa yonse, n'kuufwamphula ngati akufuna kugumula chipupa, mapini n'kumwazikana, anzake n'kukuwa. Ndi chisangalalo chabwino kwa munthu amene wakhetsa thukuta sabata yonse, ndipo sindikuchinyoza. Koma amene watsatirako mipikisano ya akatswiri a PBA ku America, bungwe limene Eddie Elias anayambitsa mu 1958, amadziwa kuti masewerawa amathera pa chinthu chimene oonerera sachiona n'komwe: mafuta opakidwa pa matabwa.

Kanjira koponyamo n'kotalika mamita 18 ndi pang'ono kuchokera pa mzere kukafika pa pini yoyamba, ndipo m'lifupi mwake muli timatabwa 39. Makina amapaka mafuta pafupifupi mamita 12 oyambirira, kotsalako kumakhala kouma. Mpira umaterereka pa mafutapo, ukafika pouma umagwira n'kukhota. Woponya ndi dzanja lamanja amafuna kuti ulowe mopendekera pakati pa pini 1 ndi pini 3. Ukalowa bwino umagunda mapini anayi okha, 1, 3, 5 ndi 9. Enawo amagwetsana okhaokha. N'chifukwa chake mpira wa makilogalamu 7 woponyedwa molunjika ndi ukali wonse umasiya mapini ataima, pamene wina woyenda mofatsa umasesa onse.

M'malo ambiri osewerera anthu wamba padziko lonse, mafuta amachuluka pakati n'kuchepa m'mbali. Ukaphonyera kunja, pouma pamabweza mpira. Ukaphonyera mkati, mafuta amaugwira kuti usakhote msanga. Kanjirako kamakukhululukira. Akatswiri sapatsidwa chifundo chotere. Kwa iwo mafuta amayalidwa pafupifupi mofanana, ndipo mayalidwe ake amasintha mpikisano uliwonse. Ena anapatsidwa maina a nyama: Cheetah ndi wamfupi, umakankhira munthu kumphepete kwenikweni kwa ngalande, Shark ndi wautali, umamukokera pakati. Ku US Open kumadziwika ndi mayalidwe ouma mtima kwambiri, kumene kuphonya ndi kathabwa kamodzi kapena tiwiri kumaonekera pa zigoli.

Chimene chimandikoka mtima kwambiri n'chakuti mafutawa sakhala malo amodzi. Mipira ya masiku ano, kuyambira m'ma 1990, ili ndi khungu lomwa mafuta. Kuponya kulikonse kumachotsako pang'ono, ngati mmene mapazi a anthu amatsegulira njira m'munda mpaka udzu utatha. Pamene mpira unkadutsa bwino m'mawa, masana pauma, ndipo ukuyamba kukhota msanga. Katswiri amazindikira izi mapini asanamulange. Waponya strike, anthu akuombera m'manja, koma iye waona kuti mpira walowa mokwera pang'ono ndipo pini 4 yachedwa kugwa. Akabwereranso waima timatabwa tiwiri kumanzere, maso wawasuntha kathabwa kamodzi. Mwina wasintha mpira, mwina wachepetsa kupotoza kwa dzanja. Kusuntha pamene zinthu zikuoneka kuti zikuyenda bwino kumafuna mtima wolimba kuposa kuponya kwenikweniko, ndipo pamenepa m'pamene ndimayesera woponya.

Mpikisano umodzi sungaonetse zimenezi, chifukwa aliyense waluso angathe kupeza tsiku limene mafuta agwirizana ndi dzanja lake. Chaka chonse cha mipikisano, mzinda ndi mzinda, mafuta aafupi lero, aatali sabata yamawa, n'chimene chimavumbula amene akuwerengadi kanjira. EJ Tackett anasankhidwa kukhala woponya wopambana wa PBA mu 2016, n'kudzabwereza mu 2023 ndi 2024. Anthu amakamba za liwiro la mpira wake, koma ine ndimaona kuti pa ulendo wachiwiriwu anabwera ataphunzira kuugwira mtima mpirawo pamene mafuta sakufuna ukali.

Jason Belmonte wa ku Orange, ku Australia, ndiye anasokoneza maganizo a akuluakulu. Amaponya ndi manja awiri, chala chachikulu osachilowetsa m'bowo, chizolowezi cha ali mwana wamng'ono pamalo a bowling a makolo ake, pamene mpira unkamulemera. Ena ankati kumeneko si kuponya. Anapambana QubicaAMF World Cup ku Northcliff, ku Johannesburg, mu 2011, ndipo wafika pa zikho zikuluzikulu 15 za PBA, zimene palibe wina anazifikapo. Manja awiri amazunguza mpira kwambiri, zoona, koma achinyamata ambiri omutsanzira atenga kuzunguzako n'kusiya chimene chimamupambanitsa. Belmonte amatha kuima kumanzere kwenikweni, kudutsitsa mpira pamwamba pa ngalande kufunafuna mafuta amene anzake sanawakhudze, ndipo mayalidwe akasintha amabwerera kuponya molunjika popanda manyazi.

Ndili ndi dandaulo ndi makanema aafupi amene timatumizirana pa foni. Amangoonetsa ma strike ndi zigoli za 300, kapena mapini 7 ndi 10, otsala m'makona awiri, akagwa mwamwayi. Saonetsa munthu atasiya pini 10 yokha pakona, akutenga mpira wapulasitiki wosakhota, kuima kutsidya n'kuidula mosaphonya, kambirimbiri, tsiku lonse. Amene amalephera kutola zotsala zotere safika n'komwe pa tsiku lomaliza limene makamera amabwera.

South Africa inatulutsapo anthu odziwa ntchitoyi. Anne Jacobs anatenga World Cup ya amayi mu 1994 ku Mexico, ndipo Guy Caminsky anagonjetsa Chris Barnes wa ku America pa World Tenpin Masters mu 2008. Sindikukayika kuti pakati pa achinyamata a ku Cape Town, ana a Amalawi anzathu omwe, alipo a dzanja lotere. Chimene ndingapemphe kwa oyendetsa maligi mumzindawu n'chakuti usiku umodzi pa sabata aziyala mafuta ovuta, zigoli zitsike, anyamata adandaule, kenako ayambe kufunsana kuti mpira unayambira pati kukhota.