Khadi la Ryan Bingham: kuoneranso Up in the Air

Mu Disembala 2021 mkulu wa Better.com, kampani ya ku America yobwereketsa ndalama zogulira nyumba, anaitanira antchito pafupifupi 900 pa Zoom n'kuwauza kuti ntchito yawathera pomwepo. Mu Malichi 2022 kampani ya P&O Ferries ku Britain inachotsa amalinyero pafupifupi 800 kudzera mu uthenga wojambuliratu pa kanema. Nkhani ziwirizi ndi zimene zinandibwezera ku Up in the Air, filimu ya Jason Reitman ya mu 2009. M'filimuyo, kuchotsa munthu ntchito pa kompyuta ndi nzeru ya mtsikana wongochoka kumene ku yunivesite, ndipo abwana ake amaiyesa kwa kanthawi n'kuiika pambali zinthu zitaipa. Reitman anayesa kuti makampani adzachita manyazi. Apa analakwitsa, ndipo si pokhapo.

George Clooney amasewera Ryan Bingham, wantchito wa kampani ya ku Omaha imene imalembedwa ganyu ndi makampani ena kuti ikawachotsere anthu. Bwana amene wakhala ndi munthu zaka makumi awiri safuna kumuyang'ana m'maso pa tsiku lotere, choncho amaitana mlendo wovala suti. Ryan amakhala m'ndege ndi m'mahotela masiku 322 pa chaka, ndipo masiku otsalawo, amene amagona kunyumba kwake, amawaona ngati chilango.

Monga womasulira, chimene chimandikoka poyamba ndi chilankhulo cha ntchitoyi. Ryan amapewa mneni wakuti kuchotsa. Amauza munthu kuti malo ake kulibenso, ngati kuti malowo anadzuka okha usiku n'kuthawa. Palibe amene wachita kanthu, ndiye palibenso woti umukwiyire. Ndisanaseke Chingelezi ndinakumbuka kuti nafenso timatero. Tikati "anamuchotsa ntchito", wochotsayo ali m'mneni momwemo, ngakhale sitinamutchule dzina. Koma tikafuna kupulumutsa nkhope ya wina timati "ntchito inatha", monga umathera ufa m'thumba. Filimuyi imamva bwino kusiyana kumeneku, ndipo zigawo zake zamphamvu ndi zija munthu wokhala tsidya lina la tebulo akukana chiganizo chopanda mwini, akufunsa kuti kodi iwe ndiwe yani.

Kuti zimenezi zimveke, tiyenera kukumbukira chimene chinathyoka. Kwa zaka zambiri IBM inkanyadira kuti sichotsa anthu chifukwa cha kuvuta kwa malonda. Mwambowo unatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 1993, Lou Gerstner atatenga utsogoleri, kampaniyo inalengeza zochepetsa antchito zikwi makumimakumi. Izi zisanachitike, Jack Welch anali atadula kale ntchito zoposa 100,000 ku General Electric m'zaka za m'ma 1980, ndipo ambiri anamutamanda. Pangano lakale silinalembedwe paliponse: ndipatse unyamata wako, ine ndidzakusunga mpaka penshoni. Pofika Okutobala 2009, pamene ulova ku America unafika pa anthu 10 mwa 100 alionse ofuna ntchito, mbali imodzi ya panganolo inali itafa kale. Inayo, yoti wantchito adzipereke ndi mtima wonse, makampani akuifunabe mpaka lero.

Nanga kukhulupirika kunapita kuti? Yankho la Reitman ndi lanzeru kuposa china chilichonse m'filimuyi: kunasamukira m'chikwama cha ndalama. Ryan ali ndi makadi a ndege, a mahotela, a magalimoto obwereka. Zikwangwani za American Airlines zimamuthokoza chifukwa cha kukhulupirika kwake pamene iye akuchokera kokachotsa anthu amene anakhulupirika zaka makumi atatu. Loto lake ndi kukwanitsa mamailosi 10 miliyoni, ndipo atawakwanitsa, mkulu wa oyendetsa ndege amabwera kudzakhala pambali pake n'kumupatsa khadi lapadera. Mwambo umene kale unkachitikira wantchito wopuma, wa mphatso ndi mawu oyamikira, tsopano ukuchitikira wogula. Ndipo Ryan, khadi lili m'manja, akusowa chonena.

Filimu ikanakhala pamenepa ndikanaitamanda popanda chodandaula. Koma imatembenuka. Funso loti n'chifukwa chiyani anthuwa akuchotsedwa, ndani akupindula, limasanduka funso loti kodi Ryan adzapeza mkazi. Timapita naye ku ukwati wa mlongo wake, timathamanga naye ku Chicago kukagogoda pakhomo la Alex, kumene amapeza kuti mayiyo ali ndi mwamuna ndi ana. Chisoni chathu chonse chimathera pa wochotsa.

Chigawo chimene anthu amachikonda kwambiri ndi chimene chimandivuta ine. Bambo wina, woseweredwa ndi J. K. Simmons, akuonetsa zithunzi za ana ake n'kufunsa kuti awauza chiyani. Ryan akuyang'ana pa mapepala ake, akuona kuti kale anaphunzirapo kuphika zakudya za Chifalansa, ndipo akumuuza kuti uwu ndi mwayi wobwerera ku maloto ake. Bamboyo akufewa. Kamera nayonso ikufewa, ndipo woonera amatuluka akukhulupirira kuti Ryan wachita chifundo. Koma imeneyi ndiyo ntchito imene amalipiriridwa: kuti munthu atuluke pakhomo mwakachetechete, asaswe zenera, asapite kukhoti. Filimu yagula katundu amene inayamba n'kumutsutsa.

Pali chinanso. Nkhope zambiri za ochotsedwa si za akatswiri a zisudzo. Reitman anaitana anthu a ku St. Louis ndi ku Detroit amene anali atangotaya ntchito zenizeni, nawajambula akulankhula zimene zinali kumtima kwawo. Mkwiyo wawo kumayambiriro kwa filimu ndi woona, ndipo umabaya. Koma kumapeto amawabweretsanso kuti anene kuti banja ndilo linawagwira dzanja. Sindikukayika kuti ankanena zoona. Chimene ndikukana ndi ntchito imene mawu awo apatsidwa, yotsimikizira kuti wosauka weniweni m'nkhaniyi ndi Ryan wopanda banja, osati iwo opanda malipiro.

Mayi mmodzi, atauzidwa kuti malo ake kulibenso, amanena modekha kuti akadziponya pa mlatho wina pafupi ndi kwawo. Patapita nthawi timamva kuti anachitadi. Imfa yake sitiiona. Imafika ngati nkhani ya mu ofesi, bwana wa ku Omaha akufunsa ngati panali chizindikiro chilichonse, Ryan akuyankha kuti sakukumbukira. Natalie, mtsikana wa nzeru ya kompyuta uja, amasiya ntchito, Ryan amamulembera kalata yabwino yomuthandiza kupeza ina, ndipo iye mwini amabwerera ku bwalo la ndege, chikwama m'manja, kukayang'ana bolodi la maulendo.