Amisiri Omata Matayala a Thirakitala

Mlimi wa mbatata ya kachewere ku Tsangano, kapena wa fodya ku Furancungo m'boma la Macanga, akaukitsa kwa akufa thirakitala yakale ya Massey Ferguson 135, ija inaleka kupangidwa m'zaka za m'ma 1970, amapeza kuti matayala akumbuyo atsopano, ofunika kukagula kutali, mtengo wake ndi wodula mutu wa nkhuku. Pamenepa tiwaombere m'manja amisiri omata matayala, amene mosapupuluma, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, amasoka pong'ambika, naika m'kati chigamba chodula ku tayala lina lakutha, namata chubu, nathiramo madzi kuti tayalalo lilemere ndi kugwira bwino dothi loterera la m'mapirimo nthawi ya dzinja.