Nkhope zitatu za ku Greece

Usiku wina mwana wa mchimwene wanga, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ananditumizira zithunzi zitatu pa WhatsApp. Choyamba chinali cha mkazi wovala chisoti cha nkhondo, kadzidzi atamutera paphewa. Chachiwiri chinali cha namwali akukoka uta. Chachitatu chinali nkhope ya mkazi wokongola, njoka zili piringupiringu m'mutu m'malo mwa tsitsi, misozi ikuyenderera m'masaya. Mmunsi mwake analembamo kuti: "Azakhali, inu mwaphunzitsa mabuku zaka zambiri. Ndikufuna tatuu yosonyeza mphamvu za munthu wamkazi. Ndisankhe iti?"

Kunena zoona, poyamba ndinafuna kumudzudzula. Koma ndinakumbukira agogo anga amene anali ndi mphini m'masaya ndi pachifuwa ndipo ankazinyadira. Ndinaona kuti nkhani siili pa kulemba khungu, koma pa chimene walembapo. Chovala ukatopa nacho umavula, tatuu umapita nayo kumanda. Choncho ndinapukuta fumbi pa mabuku anga akale n'kuwerenganso nthano za Agiriki ndili ndi funso limodzi: kodi akazi amenewa ndi amphamvu m'maso mwa yani?

Ndiyambe ndi wa chisoti uja, Athena, mulungu wamkazi wa nzeru ndi nkhondo. Kadzidzi, amene kwathu kuno akalira padenga anthu sagona tulo, kwa Agiriki anali mbalame ya Athena. Pachithunzi mkaziyu amaoneka wosagonjetseka, komatu chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nthano imati Athena sanabadwe kwa mayi: anatuluka m'mutu mwa bambo ake, Zeus, atameza Metis amene anali ndi pakati pake. Mu sewero la Aeschylus lotchedwa Eumenides, limene linaseweredwa ku Athens m'chaka cha 458 BC, Orestes akuzengedwa mlandu wopha mayi ake omubereka. Apollo akumuikira kumbuyo ponena kuti mayi si kholo lenileni, amangosunga mbewu ya mwamuna. Mlandu utafika povuta, Athena akukhala mbali ya Orestes, ndipo chifukwa chimene akupereka n'chakuti iye alibe mayi, choncho mtima wake uli kwa amuna. Kwa ine wobadwira pakati pa anthu amene amawerengera mwana kuchikazi, chigamulo chimenechi chimandiwawa nthawi zonse ndikachiwerenga. Tisaiwalenso kuti mu mzinda umene unkapembedza Athena akazi sankaloledwa kuponya voti. Athena ndi mkazi wamphamvu amene amuna anadzipangira okha, wamphamvu zowatumikira iwo.

Wa uta uja ndi Artemis, mlenje wokhala m'nkhalango ndi anamwali anzake, wokana ukwati. Ameneyu ndinatsala pang'ono kumuvomereza, mpaka nditafika pa nkhani ya Callisto, mmodzi mwa anamwali ake. Zeus anamunyenga mtsikanayu n'kumugwiririra. Mimba itaonekera, Artemis sanafunse kuti zinayenda bwanji, anangomupirikitsa m'gulu lake. Tonse tikuwadziwa amayi otere, amene amathamangitsa mtsikana pakhomo koma wochimwitsayo n'kumamupatsa moni panjira.

Tsono ndifike pa nkhope ya njoka, Medusa. Apa m'pofunika kusamala, chifukwa a Medusa alipo angapo. Mlakatuli wakale Hesiod, amene analemba cha m'ma 700 BC, amati Medusa anali mmodzi mwa abale atatu otchedwa Gorgon, ndipo ndi iye yekha amene akanatha kufa. Za chilango sanenapo kanthu. Nkhani imene atsikana a lero akuidziwa ndi ya Ovid, mlakatuli wachiroma amene anamaliza buku lake la Metamorphoses cha m'ma 8 AD. Iye akuti Medusa anali namwali wa tsitsi lokongola, ndipo mulungu wa nyanja, amene Agiriki amati Poseidon, anamugwiririra m'kachisi wa Athena. Mwini kachisi sanalange mwamunayo, analanga mtsikanayo posandutsa tsitsi lake njoka. Aliyense womuyang'ana ankasanduka mwala. Kenaka Perseus anamudula mutu ali mtulo, akumuonera m'chishango chonyezimira, ndipo mutuwo unakathera pa chida chodzitetezera cha Athena yemwe uja.

Apa ndinazindikira kuti zithunzi ziwiri mwa zitatu zija ndi za wolanga ndi wolangidwa. Wojambula ma tatuu akhoza kuziika patsamba limodzi pansi pa mawu akuti mphamvu za amayi, koma wowerenga nthano sangazisakanize.

Amisiri a zosemasema nawonso akhala akulimbirana nkhope imeneyi. Ku Florence kuli chiboliboli chamkuwa chimene Benvenuto Cellini anamaliza m'chaka cha 1554: Perseus waimirira pa thupi la Medusa, mutu wa mkaziyo atautukula m'mwamba ngati nyama ya uzimba. M'chaka cha 2008 Luciano Garbati wa ku Argentina anatembenuza nkhaniyo. Iye anaumba Medusa ali chilili, lupanga kudzanja lina, mutu wa Perseus kudzanja linzake. M'chaka cha 2020 chiboliboli chimenechi chinaimikidwa ku New York moyang'anizana ndi bwalo la milandu kumene Harvey Weinstein anazengedwa mlandu wogwiririra. Ambiri anachikonda, ndipo ena akuchijambulitsa pamikono. Ine chimandisiya ndi mafunso. Wogwiririra anali Poseidon, nanga bwanji mutu uli m'dzanjamo ndi wa Perseus? Komanso Medusa wa Garbati ndi wamaliseche, wosalala, wa thupi limene diso la mwamuna lingakondwere nalo. Amene ankachititsa amuna kutseka maso wasanduka wowonerera. Kungosinthanitsa wogwira lupanga sikusintha nthano, chifukwa mphamvu zikadali zoyezedwa ndi mutu wodulidwa.

Vuto lomweli ndinaliona pa chithunzi chachitatu chija. Milomo yonenepa, nsidze zokonza bwino, misozi yotsika mwadongosolo. Chisoni chakongoletsedwa mpaka chasanduka chokometsera khungu. Komanso ndi mutu wokha wopanda thupi, kutanthauza kuti wojambulayo wayambira pamene Perseus anamalizira.

Medusa amene anandigwira mtima ndi wakale kuposa onsewa. Pachilumba cha Corfu panali kachisi amene anamangidwa cha m'ma 580 BC, ndipo pamwamba pa khomo lake anasemapo Medusa wamkulu pamwala. Ameneyu ali ndi thupi lake lonse. Ali ndi mapiko, ali pa liwiro, njoka ziwiri wamanga m'chiuno ngati lamba, maso ali tong'o, lilime lili kunja. Sakupempha chifundo ndipo sakufuna kuti umukonde. Agiriki ankaika nkhope yotere pa zishango ndi pa nyumba kuti choipa chikaiona chibwerere. Ntchito yake inali yoteteza. M'chaka cha 1975 mlembi wa ku France, Hélène Cixous, analemba nkhani yotchuka yonena za kuseka kwa Medusa, yolimbikitsa akazi kulemba okha za matupi awo. Ndikayang'ana mwala wa ku Corfu ndimaona ngati kuseka kumeneko kunalipo kalekale.

Palinso china choyenera kudziwa. Agiriki enieniwo sankaiona tatuu ngati chokongoletsa. Ankalemba akapolo ndi olakwa, ndipo mawu awo a chizindikiro chotere, stigma, mpaka lero amatanthauza chitonzo. Ndi anthu a ku Thrace, malinga ndi Herodotus, amene ankaona kulembedwa pakhungu ngati ulemu. Tsono mkazi amene walemba Medusa pathupi pake mwa kufuna kwake watenga zinthu ziwiri zimene zinali zamanyazi, nkhope yotembereredwa ndi khungu lolembedwa, n'kuzisandutsa zake. Pamenepo ndi pamene ine ndikupezapo mphamvu, osati pa chisoti kapena pa uta.

Zonsezi ndinamulembera mwanayo, n'kuwonjezera chenjezo limodzi. Ndinati adziwe kuti zaka za posachedwapa akazi ambiri amene anachitiridwa nkhanza zogonana asankha Medusa ngati chizindikiro chawo, choncho ena akamuona nayo adzaganiza kuti nayenso zinamuonekera. Ndinalemba zimenezi ngati mphunzitsi amene akuwongolera mwana wa sukulu.

Yankho linachedwa. Litabwera linali lalifupi: "Ndikudziwa, azakhali."

Ndinakhala pamphepete pa bedi nthawi yaitali foni ili m'manja. Ndinatha masiku atatu ndikuweruza Athena ndi Artemis chifukwa chosafunsa mtsikana chimene chinamuchitikira, pamene inenso ndinayankha za mabuku osafunsa chifukwa chimene mwana wa mchimwene wanga anatumizira chithunzi chimenecho pakati pa usiku. Ndinamuimbira. Zimene tinakambirana ndi zathu awiri.

Patapita miyezi iwiri ananditumizira chithunzi china. Paphewa pake panali Medusa wa ku Corfu, wa mapiko, wa thupi lonse, maso ali kwa womuyang'ana. Mayi ake akuti n'choopsa, ndipo sakunama.