Zipinda 9 za mlembi wa zithumwa

Jambulani bokosi, muligawe zipinda 9. Mumzere wapamwamba mulembe 4, 9, 2. Wapakati 3, 5, 7. Wapansi 8, 1, 6. Phatikizani mbali iliyonse imene mungafune. Mopingasa mupeza 15, chotsika 15, kuchoka pangodya kudutsa pakati mpaka pangodya inayo ndi 15 yemweyo. Kabokosi kameneka alembi a zithumwa m'maiko a Chisilamu, kuyambira ku Basra mpaka ku Katsina, akhala akukalemba pansalu, papepala, pamphete ndi m'mbale zamkuwa kwa zaka mazanamazana. M'Chiarabu amakatcha wafq. Ku China kanadziwika kale kwambiri, ndipo nthano yakumeneko imati kanaoneka pamsana pa kamba wotuluka mumtsinje wa Luo.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti kabokosika sikalola munthu kuchita zake. Nambala 5 iyenera kukhala pakati ngati mzati wa nyumba. Mukangoisuntha, denga lonse lagwa. Manambala 2, 4, 6 ndi 8 malo awo ndi m'ngodya basi. Mukhoza kukazungulitsa kapena kukaonera pagalasi n'kupeza maonekedwe 8, koma konseko ndi kamodzi komweko. Mlembi sapanga kabokosi kakekake ayi. Luso lake ndi kupeza tanthauzo m'chinthu chimene sangachipinde.

Ndipo tanthauzolo analipezadi, chifukwa chilembo chilichonse cha Chiarabu chili ndi nambala yake, mwa kawerengedwe kotchedwa abjad. Dzina la Adam lili ndi zilembo zitatu zoimira 1, 4 ndi 40, pamodzi 45. La Hawwa, amene ambiri timamudziwa kuti Hava, limaimira 8, 6 ndi 1, pamodzi 15. Tsono bwererani ku kabokosi kaja. Manambala onse kuyambira 1 mpaka 9 akaphatikizidwa amakwana 45, ndipo mzere uliwonse ndi 15. Bokosi lonse ndi Adam, mbali yake iliyonse ndi Hawwa, mkazi wotengedwa m'nthiti mwa mwamuna. Munthu atha kunena kuti zinangochitika mwangozi, ndipo mwina n'zoona. Koma diso limene linaona ngozi imeneyo linali lakuthwa, ndipo wotsutsa aliyense akhoza kuwerenga yekha osapeza pogwira.

N'zosadabwitsa kuti ntchito yake yodziwika kwambiri inali ya kuchikuta. Al-Ghazali, mphunzitsi wamkulu amene anamwalira mu 1111, analemba kuti mayi akavutika pobereka ankalemba kabokosika pa tinsalu tiwiri tosakhudzapo madzi, mayiyo n'kutiyang'ana kenaka n'kutiponda. Iye anatchula zimenezi pofuna kuonetsa kuti anthu amavomereza zinthu zambiri zimene nzeru zawo sizingalongosole. Manambala a m'ngodya aja, powasandutsa zilembo, anabala mawu akuti buduh, amene ku Egypt anthu ankalemba pamakalata kuti akafike bwino kumene akupita.

Koma mmisiri weniweni amaonekera pamene wafuna kulowetsa dzina m'bokosimo. Tinene kuti akufuna kuti mzere uliwonse ukwane 66, nambala ya dzina la Allah. Amachotsera 12, kutsala 54. Amagawa patatu, kupeza 18. Pamene panali 1 amalembapo 18, pamene panali 2 amalembapo 19, n'kumatsata mapazi a kabokosi koyamba kaja mpaka 26. Pamwamba pamatuluka 21, 26, 19. Pakati 20, 22, 24. Pansi 25, 18, 23. Werengani, paliponse ndi 66. Nanga 12 uja wachokera kuti? Ndi 15 wochotsera 3, chifukwa mukakweza chipinda chilichonse ndi 1, mzere wa zipinda zitatu umakwera ndi 3. Munthu woti masamu a zilembo sanawaphunzire amayenda nalo lamuloli m'mutu, osaphonya.

Vuto limadza dzina likakana kugawika patatu. Pakatsala 1, mlembi amadumpha nambala imodzi akafika pa chipinda chachisanu ndi chiwiri. Taonani kuchenjera kwake: zipinda za 7, 8 ndi 9 zili m'mizere yosiyana, yopingasa ndi yotsika yomwe, kotero uliwonse umalandira 1 wakewake ndipo yonse imalinganabe. Wopereŵera ndi mzere umodzi wokha wodutsa m'ngodya, ndipo palibe njira yoposa imeneyi, popeza nambala yapakati imayenera kukhala gawo limodzi mwa atatu a chiŵerengero chonse. Mmisiri amadziŵa kuti chilema sichingapeŵeke, ndiye amachiika pamene chiwononge pang'ono. Ine pamenepa ndi pamene ndimavula chipewa.

Anthu a ku Africa sanali oonerera chabe pa ntchitoyi. Mabuku otchuka a nzeruzi amatchedwa m'dzina la Ahmad al-Buni wa kumpoto kwa Africa, amene anamwalira cha m'ma 1225. Muhammad al-Kishnawi, Mfulani wa ku Katsina, kumpoto kwa Nigeria wa lero, analemba cha mu 1732 njira zomangira mabokosi akuluakulu a mizere 5, 7 kapena 9, zina zodumpha zipinda monga amayendera hatchi pa chess. Anamwalira ku Cairo mu 1741, ali mlendo m'nyumba ya Hasan al-Jabarti, bambo wa wolemba mbiri wotchuka wa ku Egypt.

Si onse anakondwera nazo. Ibn Khaldun, amene anamwalira mu 1406, anaika nzeru za zilembo ndi manambalazi m'gulu la matsenga, ndipo mashehe ambiri lero amaziletsa kwamtuwagalu. Inenso mayi wapakati ndingamuuze kuti athamangire kuchipatala, za nsalu aziiŵale. Komabe kukana mphamvu ya chithumwa sikuchotsa ukatswiri wa amene anachikonza. Pa zithumwa zambiri munthu amangomva mawu a sing'anga n'kukhulupirira kapena kukana. Ichi chokha mukhoza kuchiyesa nokha ndi pensulo: tengani 45, muchotsere 12, mugawe patatu, muyambire pa 11, muone ngati mzere ndi umodzi womwe ukukanani.