Nsanja ya ku Gold Reef City ndi maso a agogo

Loweruka lapitali msuweni wanga wa ku Joni ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp. Anali ku Gold Reef City, malo achisangalalo a mumzinda wa Johannesburg, akukuwa ngati mbuzi yoona mpeni. Chokwera chake chinawakweza pamwamba pa nsanja yachitsulo, kenako n'kuwagwetsa mamita pafupifupi 50 kulowa m'dzenje. Ine ndinaseka mpaka misozi. Ndinawapatsa agogo foni kuti nawonso asekeko, tili pakhonde kwathu kuno ku Nkando. Iwo sanaseke. Anayang'anitsitsa nsanja ija nati, "Iyi ndi ya chikepe. Tinkalowera pansi pa yotereyi."

Agogo anapita ku Theba ali mnyamata. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa: kodi chizindikiro cha malo achisangalalo chimanena zoona za malowo, kapena chimangokoka makasitomala?

Paki iliyonse yotchuka ili ndi chinthu chimodzi chimene aliyense amajambulitsapo. Ku Magic Kingdom, ku Florida, ndi nyumba yachifumu ya Cinderella, imene yakhalapo chitsegulire pakiyo mu 1971. Imeneyo ntchito yake imaigwira bwino. Pakiyo imagulitsa nthano, nyumbayo ndi ya m'nthano, palibe wanamizidwa. Koma a Disney omwewo anaphonyapo. Mu 2001 anaimika chipewa chachikulu cha mfiti ku paki yawo ya mafilimu, imene lero ikutchedwa Hollywood Studios. Chipewacho chinatchinga nyumba yoonetsera mafilimu imene inali nkhope yeniyeni ya pakiyo, ndipo kunsi kwake ankagulitsirako timabaji. Mu 2015 anachigwetsa.

Ndiye kwa ine mayeso ndi awiri. Loyamba, chizindikirocho chinamera pamalopo kapena anachita kuchibzalika? Lachiwiri, chikunena nkhani yonse kapena theka lokoma lokha?

Pa yeso loyamba nsanja ya ku Gold Reef City yakhoza, osakayika. Pakiyo inamangidwa pamgodi weniweni wagolide wa Crown Mines, pa dzenje la nambala 14. Johannesburg yenseyo inabadwa ndi golide amene anapezeka mu 1886. Palibe chinthu china chimene chingaimire malowo kuposa nsanja ya chikepe. Tisawamanenso chilungamo: alendo amawalowetsa pansi kukaona mmene mgodi unalili, ndipo pafupi pomwepo pali Apartheid Museum, imene inatsegulidwa mu 2001.

Pa yeso lachiwiri m'pamene ndikukanira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nsanja ija aisandutsa chida chochititsa mantha a masekondi ochepa, mantha ogula ndi tikiti, amene ukatsika umaseka n'kukagula ayisikilimu. Kwa agogo, chikepe chinali cha m'bandakucha tsiku ndi tsiku, kulowa kotentha, kwafumbi, osadziwa ngati utuluka. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, ndipo Kamuzu Banda anaimitsa kutumiza anthu kumigodi. Fumbi lija nalonso silinathere pansi. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa marandi 5 biliyoni wopepesera anthu amene anadwala matenda a m'mapapo m'migodi yagolide. Zonsezi pa selfie ya msuweni wanga palibe.

Wina anena kuti, "Aise, ndi paki iyi, si maliro. Anthu apita kukasangalala." Zoona. Sindikunena kuti ana azilira pamzere wa tikiti. Koma ukasankha chinthu chenicheni kukhala nkhope yako, watenga ngongole. Nyumba ya Cinderella ilibe mangawa ndi munthu, chifukwa Cinderella sanakhaleko. Nsanja ya chikepe ili ndi eni ake, ndipo ena mwa iwo akutsokomolera m'midzi ya ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo.

Tisathamangire kuloza a ku Joni okha. Ukaima pamsewu wa Midima pa Nkando kukacha bwino, phiri la Mulanje limaoneka lonse. Ndilo chizindikiro chathu, lili pa makalendala ndi pa zikwangwani za malo ogona alendo. Timanyadira Sapitwa ndi mamita ake 3,002, timanyadira kuti mu 2025 UNESCO inaliika pamndandanda wa malo achuma cha dziko lonse. Koma mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, unadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Pachithunzipo mulibe anyamata onyamula katundu wa alendo, mulibe amayi othyola tiyi kunsi kwake. Ifenso timajambula theka lokoma.

Chigamulo changa: nsanja ija ndi chizindikiro choyenera chimene apatsa ntchito yochepa. Ikunena za golide, yaiwala anthu.

Agogo anandibwezera foni nati, "Umuuze mnzakoyo, akadzapitanso akaone pansipo, asamangokuwira pamwamba." Ndinamutumizira uthengawo. Anayankha ndi kankhope koseka. Patatha ola analembanso: "Kodi agogo anali mgodi uti?"