Chilapi cha Pansi pa Phiri

Madzulo, anthu akaweruka kothyola tiyi ku Mulanje, agogo amaponya mawu: "Chilape!" Ana onse amakuwa: "Nachize!" Basi, mitu yayamba kutentha.

Amene amadzaza timabokosi ta mawu opingasa m'nyuzipepala amadziyesa akatswiri, ndipo sindiwatsutsa. Masewera awowo anawayambitsa Arthur Wynne m'nyuzipepala ya New York World mu 1913. Koma chilapi chinalipo kale, chosafuna pensulo kapena kandulo.

Luso lake lagona pa kubisa chinthu poyera. Taonani liwu loti mtengo. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje ndi mtengo, ndalama zimene mayi wa nanazi akutchula pa Chitakale ndi mtengonso. Zilembo n'zomwezo, amasiyanitsa ndi kamvekedwe, ndipo wa khutu logontha amagwa m'mbuna pomwepo. Ngakhale nsonga ya phiri, yotalika mamita 3,002, dzina lake n'longa chilapi chodziyankha chokha: Sapitwa.

Chimene chimandikomera kwambiri ndi mphindi ija mwana wakhala duu, maso kudenga, milomo ikugwedera. Kenaka alumpha, yankho latulukira, agogo n'kuseka mpaka kutsokomola.