Agogo Anakweranso Ndege, Koma Palibe Anawajambula

Chithunzi chija chabweranso. Mukuchidziwa: ndege ya Air Malawi, VC10, itaima pa Chileka, mainjini anayi ali kumchira, abambo a masuti akukwera masitepe. Pansi pake wina walemba kuti kale Malawi anali Malawi, tinkapita ku London pa ndege yathuyathu. Sabata ino chafika pa gulu lathu la WhatsApp la anzanga a ku Chanco, ndipo amene alira kwambiri ndi anyamata obadwa m'ma 1997, oti ndege amangoionera kumimba ikamadutsa pa Machinjiri kukatera. Inenso ndine mmodzi wa iwo. Koma lero ndikufuna tiwerenge chithunzichi ngati nthano, tifunse funso limene timafunsa nkhani iliyonse yolembedwa: ndani wasiyidwa kunja?

Choyamba, chithunzichi sichikunama. Air Malawi inayamba mu 1964 ngati nthambi ya Central African Airways, n'kuima payokha mu 1967. Kumapeto kwa 1974 VC10 inayambadi kupita ku London, ndipo inauluka mpaka 1979. Kampaniyo inatha mu 2013. Imene tili nayo lero inayamba mu 2014, boma lili ndi magawo 51 pa 100 aliwonse, Ethiopian Airlines 49. Ndiye amene akuti tinataya kenakake sakulota ayi.

Komanso n'zoona kuti kukhala kutsogolo kwa ndege kunali kwina zaka zimenezo. First class ya kale inkagulitsa phwando: nyama yodulidwa pamaso pako, vinyo, fodya, macheza. Boeing 747 itayamba ntchito mu 1970, makampani ambiri anasandutsa chipinda chake cha pamwamba kukhala pochezera mabwana. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kunabwera business class, ya anthu oyendera ndalama za kampani. M'ma 1990 British Airways inaika mipando yosanduka bedi mu first class, ndipo mu 2000 inaiikanso mu business. Mu 2008 Emirates inaika bafa mu A380. Lero chimene amanyadira ndi chitseko: kachipinda kako wekha, utseke, usaone munthu. Kale olemera ankalipira kuti aonedwe ndi anzawo. Pano akulipira kuti asaonane ndi aliyense. Ndipo business itakhala ndi bedi, makampani ambiri anangoichotsa first class. Ndege zotera pa Chileka masiku ano zili ndi business ndi economy basi, pakati pali kansalu.

Vuto langa ndi chithunzi chathu ndi mawu oti "tinkapita". Tinkapita ndani? Agogo anga aamuna, amene anakalambira ku Ndirande, anakwera ndege kangapo VC10 isanabwere. Sanapite ku London. Anapita ku Joni, kumigodi, pa ndege za WENELA zimene zinkanyamula amuna a kuno kukawatula ku Francistown ku Botswana, komwe ankapitiriza ulendo pa sitima. Dzinalo lidakalipo: mukamati ndikakwerera basi pa Wenela mu Blantyre, mukutchula mbiri imeneyi osadziwa. Amalawi masauzande ambiri anaona mitambo koyamba pa ulendo umenewo, atanyamula bulangeti ndi kasutikesi.

Tsono taonani chaka. Pa 4 April 1974, miyezi yochepa VC10 isanayambe ulendo wa ku London, ndege ya WENELA inagwa itangonyamuka ku Francistown ikubwera kuno. Anthu oposa 70 anafa, ambiri a iwo Amalawi obwerera kwawo. Kamuzu anaimitsa kulemba anthu ntchito za kumigodi chifukwa cha ngoziyi. Chaka chimodzi, dziko limodzi, ndege ziwiri. Imodzi timaigawana pa Facebook ndi timitima tofiira. Inayo ndi angati mwa ife anaimvapo?

Apa m'pamene ndimati chithunzichi, monga nthano, n'cholembedwa mwaulesi. Chasankha munthu mmodzi wovala suti n'kumutcha "ife". Sichinena kuti m'masiku amenewo lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi kuvala thalauza, ndipo mlendo wamwamuna watsitsi lalitali ankatha kumetedwa pabwalo la ndege pomwepo. Sichinena kuti mu 1985, pa ulendo wa boma wa ku Britain, Kamuzu anabwereka Boeing 747SP ya South African Airways, n'kuipaka mitundu ya Air Malawi kwa kanthawi kochepa. Chithunzi cha ndege imeneyonso chimazungulira, anthu n'kumati onani jumbo yathu. Sinali yathu, amangwetu. Inali suti yobwereka ya pa ukwati.

Ndipo khalidwelo silinathe ndi chipani chimodzi. Bingu anagula ndege yakeyake ya pulezidenti mu 2009, Joyce Banda n'kuigulitsa mu 2013. Kuno kwathu first class sinafe, inangochoka pa tikiti n'kupita pa bajeti. Kansalu kaja sikali mu ndege mokha. Kali pa msewu wa ku Chileka pamene apolisi aimitsa minibasi kuti mdipiti udutse, iwe uli anayianayi pa mpando, thumba la makala a munthu wina likukudinda bondo.

Sindikuti tisiye kunyadira. VC10 inali ndege yokongola, ndipo Amalawi amene ankagwira ntchito m'menemo ayenera ulemu wawo. Ndikungoti ife amene timadzitcha olemba tisamabwereke chisoni cha anthu ena. Ukamalira first class ya 1974, dzifunse kaye kuti agogo ako chaka chimenecho anali pa mpando uti, kapena anali pansi akuloza m'mwamba ngati iwe lero. Timalemba ndakatulo zambiri za "masiku abwino akale", koma ndani mwa ife walembapo za mnyamata wa zaka 19 wochokera ku Mulanje amene sanakwerepo ngakhale galimoto yaing'ono, lero ali m'mwamba, makutu atseka, akuopa kufunsa kuti chimbudzi chili kuti? Nkhani ili pamenepo. Muli mantha, muli nthabwala, muli mkazi amene watsala akudikira kalata.

Agogo anga anamwalira ndisanawafunse zokwanira. Ndikukumbuka chabe kuti ndege ikadutsa, ife ana tikukuwa, iwo sankadzutsa mutu. Ndinkaganiza kuti ndi ukalamba. Ngati anu adakalipo, ku Bangwe kaya ku Chilomoni kaya kumudzi, ndipo anapitako ku Joni, pitani Loweruka lino ndi shuga ndi foni yodzaza moto. Afunseni za ndegeyo. Mukabwerako mundiuze.